Mawu a ku Joni: Voti ya munthu wodziwa

Moni abale anga ku Mzimba, ku Mangochi, ku Nsanje, ndi inu amene tili limodzi kuno ku Joni. Lero za ntchito ndi za mapepala tiziike pambali kaye, tikambe za voti.

Pa 29 Meyi 2024 eni dziko kuno anavota, ndipo ANC, chipani chomwe chinkapambana chokha kuyambira 1994, chinagwa mpaka pa 40 peresenti. Ine voti ndinalibe, koma makutu ndinali nawo. Amayi ena achikulire omwe timakolopa nawo maofesi analekezera sukulu ku pulayimale, koma za komishoni ya Zondo, yomwe inkafufuza kubedwa kwa chuma cha boma, ankazidziwa mutu ndi mchira. Ankamvera pa wailesi m'Chizulu. Magetsi akazima sankati ndi tsoka, ankadziwa kuti pali ndalama zomwe zinalowa m'matumba a anthu. Chipani chomwe anachivinira ali mtsikana anachimana voti, mtima ukuwawa.

Kwathu nafe tinachitapo zazikulu. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linathetsa chisankho cha 2019, chija cha Tipp-Ex, ndipo pa 23 Juni tinavotanso. Tsiku la chigamulo kuno tinayenda mutu uli m'mwamba. Koma chomwe chimandipweteka n'chakuti nduna imawerenga bajeti m'Chingerezi, pomwe mayi wa ku Ntchisi amene amadula msonkho akamagula katundu m'sitolo samva n'komwe kumene ndalama yake yapita. Ndiye amakhulupirira boma pa chiyani? Pa chitenje cha kampeni? Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti, komabe manja akutambasulidwa, chifukwa njala ndi yeniyeni ndipo mayiyo palibe anamufotokozera kuti mjigo si mphatso ya a phungu, ndi msonkho wake womwe.

Ife a kunja sitivota tili kuno. Koma foni timaimba sabata iliyonse, ndipo tikatumiza ndalama mawu athu amamveka pakhomo. Mwezi uno mukamaimba, musangofunsa za fetereza ndi fizi ya ana. Funsani kuti ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, kwanuko zamanga chiyani, ndipo auzeni achimwene akafunse a khansala pamsonkhano, anthu akumva. Zomwe akayankhidwe munditumizire pa WhatsApp, tidzazimvera limodzi Lamlungu likudzali.

Tsalani bwino.