Masamu si obadwa nawo: zimene Japan, Singapore ndi Vietnam akuchita m'kalasi

Moni nonse kuchokera kuno ku Zomba! Phiri mukuliona kumbuyoku. Dinani kaye subscribe, chifukwa lero tikukamba za phunziro lomwe limaliza ana ambiri misozi zotsatira za MSCE zikatuluka: masamu.

Mwachangu: pali mayeso awiri akuluakulu oyerekeza mayiko. TIMSS inayamba mu 1995, PISA mu 2000, ndipo PISA imayesa ana a zaka 15. Singapore imakhala pamwamba kawirikawiri. Tipitirire.

Choyamba, Japan. Aphunzitsi amakonzera limodzi phunziro, mmodzi n'kukaphunzitsa anzake akuonerera, kenako amakhala pansi kukambirana pamene ana anakakamira. Kwa ife si zachilendo kwenikweni. SMASSE, pulogalamu yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi a kusekondale, yomwe inayambira ku Kenya mu 1998 mothandizidwa ndi JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko, inafikanso kuno kudzera ku Domasi College of Education, pafupi pomwepa. Aphunzitsi amene munapitako, tiuzeni mu komenti ngati mukuchitabe zimenezi.

Chachiwiri, ndipo apa ndiye pamene pamandiwawa. Mwamva kangati kholo likunena kuti, "Kwathu kulibe mutu wa masamu, mwanayu watengera ine"? Kapena kuti masamu ndi a anyamata? Amayi, abambo, chonde lekani mawu amenewa. Mwana akawamva ali Sitandade 3, amatseka mutu, ndipo pofika Fomu 4 amangowerenga kuti apulumuke.

Pitani mumsika wa Zomba muone mayi wogulitsa tomato akubweza chenji cha makasitomala atatu nthawi imodzi, opanda kalikuleta. Khalani pansi pa mtengo muone madala akusewera bawo, akuwerengera m'mutu pomwe njere yomaliza igwere. Amenewo ndi masamu enieni! Vuto si mutu, ndi momwe timawayambira.

Ku Singapore, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, mwana sayamba ndi manambala pabolodi. Amayamba ndi chinthu chogwira m'manja, kenako chithunzi, manambala amabwera pomaliza. Tiyese. Mwana ali ndi mango 12, mnzake ali ndi ochepera ndi 4, onse pamodzi ndi angati? Amajambula timizere tiwiri, kamodzi kakatali, kena kakafupi. Maso amaona okha kuti kakafupiko ndi 8, ndiye onse pamodzi ndi 20. Palibe chamatsenga. Ndipo zogwira m'manjazo tili nazo: nyemba, miyala, zitsekerero za mabotolo. Aphunzitsi athu amazitcha TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu lomwe. Kunena za atsikana, Maryam Mirzakhani wa ku Iran analandira Fields Medal mu 2014, mphoto yapamwamba kwambiri ya masamu. Muwauze ana anu aakazi dzina limeneli.

Ngati mwafika pano, gawirani vidiyoyi pa gulu la WhatsApp la makolo a kusukulu kwanu. Pali kholo limene likufunika kuimva.

Chachitatu, mwachidule: Vietnam. Dziko losalemera ngati la Azungu, koma pa PISA ya 2012 ana ake anaposa a ku United States ndi a ku United Kingdom pa masamu. Labotale ndi mabuku n'zofunika, sindikukana, kalasi ya ana 100 mphunzitsi mmodzi imalemetsa. Koma tisadikire chuma kuti tiyambe.

Madzulo ano tolerani zitsekerero 20, mumupatse mwana funso la mango lija, mundilembere mu komenti mmene wayankhira.