Penti amabisa: mmene timayesera mmisiri asanapake chitsulo

[Kamera pa geti lachitsulo ku Senga Bay. Penti wobiriwira wasupuka chakumunsi. Chala chikukanda, tizidutswa tikugwa.]

Taonani geti ili. Linapakidwa mu Seputembala chaka chatha, lawombedwa ndi mvula ya dzinja limodzi lokha, lero likusupuka ngati mbatata yophika. Eni ake akuti anawagulitsa penti wachinyengo. Koma tatiyeni titembenuze kachidutswa kamodzi. Mwaona kuseri kwake? Kofiira, dzimbiri lamatirira. Penti alibe mlandu apa. Anamupaka pamwamba pa dzimbiri, ndiye dzimbirilo linangopitiriza kudya chitsulo litafunditsidwa bwinobwino.

Moni nonse. Lero tili pashedi ina ya owotcherera kuno ku Salima, ndipo funso lathu ndi ili: mungadziwe bwanji kuti mnyamata amene mukumuphunzitsa, kapena mmisiri amene mukufuna kumulemba ntchito, amatha kukonza chitsulo chisanapakidwe? Geti longopakidwa kumene simungaliyesere munthu. Lopakidwa mwaluso ndi lopakidwa mwachinyengo, tsiku loyamba onse amawala chimodzimodzi. Muyenera kukhalapo chitini cha penti chisanatsekulidwe.

Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayendera mfundo yomweyi pa maphunziro a ntchito zamanja: munthu aonetse ndi manja kuti ntchito akuitha, osangoilemba papepala. Kaya anaphunzira ku Salima Technical College kaya anakulira pashedi ya amalume ake, chitsulo chimamufunsa mafunso omwewo.

[Pabenchi: zitsulo ziwiri zowotchereredwa pamodzi, zadzimbiri. Pambali pali grinder, burashi ya waya, sandipepa, thinner, nsanza ziwiri, magalasi oteteza maso, magolovesi ndi chophimba pamphuno.]

Chitsulo ichi ndachipaka girisi dala mbali imodzi. Nsanza ndaika ziwiri, yoyera ndi yomwe tinapukutira injini dzulo. Mnyamata amene ndikumuyesa lero sindimuuza kanthu. Ndikufuna ndione chimene dzanja lake litole poyamba.

"Mphwanga, chitsulo ndi icho. Chikonze mpaka pamene ungandiuze kuti chafika popaka."

"Chabwino bambo."

Wayamba ndi magalasi ndi chophimba pamphuno. Pamenepo wakhoza. Akanayatsa grinder maso ali pamtunda, mayeso akanathera pomwepo, chifukwa waya wa burashi ukathothoka umalunjika kumaso, ndipo penti wakale wina amakhala ndi mtovu womwe sufunika kuupuma.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amagwera. Anyamata amakonda grinder, phokoso lake limamveka ngati ntchito ikuyenda. Koma ukayika burashi pa girisi, suchotsa girisiyo. Umangoimwaza chitsulo chonse n'kuilowetsa m'timaenje ta dzimbiri, ndipo burashiyo ikadetsanso chitsulo chotsatira. Mafuta amayamba kuchoka, dzimbiri pambuyo. Mnyamata wathu watenga thinner ndi nsanza yoyera, akupukuta akutembenuza nsanzayo kuti asabweze zomwe wachotsa. Taonaninso, watseka chitini n'kukachiika kutali asanayatse grinder. Thinner ndi moto wothetheka sizikhalira limodzi.

Kuti ndidziwe ngati mafuta achokadi, ndidontheza madzi pang'ono. Pomwe patsala mafuta, madzi amaundana timadontho ngati pa tsamba la koko. Poyera amayala. Apa ayala. Tiumitse msanga tisanayambitse dzimbiri lina.

[Grinder ikulira. Kenako bata. Kamera pafupi ndi chitsulo.]

Kodi kuyera kwake kufike pati? Izi sizongoganizira. Pali muyeso wa padziko lonse wotchedwa ISO 8501-1, womwe uli ndi zithunzi zoyerekezera. Umagawa chitsulo chosapakidwa m'magulu anayi, A mpaka D, kuyambira chatsopano mpaka chomwe dzimbiri lachiboola timaenje. Kwa ife ogwiritsa ntchito burashi ndi grinder, milingo yake ndi St 2 ndi St 3. Pa St 2, chilichonse chosamatirira chichoke: dzimbiri lofumbutuka, penti wosupuka, mafuta. Pa St 3 umapala mpaka chitsulo chenichenicho chiyambe kuoneka. Mukamva akuti Sa 2½, imeneyo ndi ya makina opopera tinthu tokhakhala mwamphamvu, yomwe amafuna pa zombo ndi milatho. Ndipo pamenepa ndichenjeze amene amaganiza zotapa mchenga wa m'mbali mwa nyanja n'kumapopera: fumbi lake limaumitsa mapapo, ndipo matenda ake sachira.

Koma palinso kupitirira muyeso. Ndakumanapo ndi anyamata onyadira kuti chitsulo chawo chikuwala ngati supuni yatsopano. Burashi ya waya ukaikhalitsa malo amodzi, imasalaza chitsulo, mwinanso kupukuta dzimbiri lomwelo mpaka liziwala. Penti amafuna pogwira. Ndiye ndimayendetsa chala: pazimveka kukhakhala pang'ono, ngati pomwe padutsa sandipepa yokhakhala ya nambala 80.

Nanga chitsulo chatsopano cha kuhadiweya, chakuda mobiriwira chija? Ndimakonda kufunsa funso limeneli.

"Ichi n'chatsopano, chilibe dzimbiri. Tingopaka?"

"Ayi bambo. Chakudachi ndi chikhungu cha kufakitale. Chimadzang'ambika n'kuchoka ndi penti yemwe."

Wayankha bwino. Chikhungu chimenechi chimapangika chitsulo chikamaphwathalalitsidwa chili cha moto, ndipo mafelemu ambiri a mawindo amene mumawaona akusupuka chaka chisanathe, vuto lake ndi limeneli. Chitsulo chokutidwa ngati malata ndi nkhani ina. Chimenecho suchipala ndi grinder, ungachotse chomwe chikuchiteteza. Umachitsuka, kuchikwecha pang'ono, n'kuika etch primer, penti woyambirira (primer) amene amaluma chitsulo chotere kuti penti winayo agwire, chifukwa red oxide wamba, primer wofiira uja, sagwira pamenepo.

[Tochi ndi kagalasi kakang'ono. Chitsulo chikutembenuzidwa.]

Mbali yoonekera aliyense amaikonza. Ine chidwi changa chili pakona, pamsoko wowotcherera ndi kunsi. Pamsoko pamatsala makoko a ndodo yowotcherera ndi timibulu tachitsulo tothetheka, ndipo zonsezo zimafunika kugomola. M'mphepete mwakuthwa penti amathawamo akamauma, n'chifukwa chake dzimbiri limayambira m'makona. Pamafunika kubulungiza pang'ono, pafupifupi mamilimita 2.

Pamwamba wayeretsa. Msoko waugomola. Tione kunsi.

"Mphwanga, tabwera udzaone wekha."

"Aa, ndinaiwala kutembenuza, bambo."

Dzimbiri lili phee pakona yamkati, ndendende pomwe madzi a mvula amadzakhala. Ndimatanso selotepi pamwamba pomwe wayeretsa paja n'kuimatula. Onani fumbi lomwe yatola. Anapukuta ndi dzanja, ndipo dzanja limasiya thukuta ndi mchere wake.

Chatsala ndi nthawi, ndipo kwa ife a kunyanja iyi si nkhani yaing'ono. Nyanja yathu ilibe mchere, koma chinyezi ndiye chilipo, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Nkhotakota. Lamulo la opaka zitsulo limati chinyezi cha mumpweya chisapose 85 peresenti, ndipo chitsulo chikhale chofunda ndi madigiri 3 kuposa pomwe mame amayambira kugwa. Pashedi ngati ino tilibe makina oyezera zimenezo, ndiye timadalira maso ndi chikhatho. M'mawa wa mu Juni chitsulo chimakhala chozizira ndi kachinyontho kosaoneka, dikirani dzuwa lichiwombe. Masana a mu Okutobala chimatentha mpaka osachigwira, penti amauma asanalowerere, kokerani pamthunzi. Mwera ukamawomba ndi fumbi, tchingani.

"Funso lomaliza. Nthawi ndi 5 koloko madzulo, wamaliza kupala, primer watha. Utani?"

"Ndichilowetsa m'nyumba, mawa ndidzachikwechanso ndisanapake."

Eya. Chitsulo chopala kumene chili ngati chilonda chosamanga. Primer azipita tsiku lomwelo, makamaka pasanathe maola 4. Chikagona panja, m'mawa muchipeza chachita kachikasu.

[Pepala la mayeso pabenchi. Cholembera chikulemba.]

Papepala sindilemba kuti wapeza 70 pa 100. Geti silichita dzimbiri pa 30 peresenti yokha n'kulekera pomwepo. Ndimalemba zomwe ndaona: kudziteteza wakhoza, mafuta wachotsa pa nthawi yake, mafunso wayankha, koma kunsi ndi fumbi sanafikepo. Ndipo ndimamuonetsa ndi tochi m'manja, kuti asapite kwawo akuganiza kuti bambo aja amadana nane.

"Lachisanu ubwerenso. Ndikupatsa chitsulo china, cha makona ambiri kuposa ichi."

"Ndibwera ndi kagalasi kanga, bambo."

[Zitsulo ziwiri zatsamira pakhoma, panja.]

Izi ziwiri tazipaka penti wa m'chitini chimodzi. Cha kumanzere chakonzedwa bwino, cha kumanja tangopaka pamwamba pa dzimbiri ngati geti lija. Tizisiya pompano, padzuwa ndi pamvula. Tidzazitembenuza limodzi mu Epulo.