Mawu a m'mawa: Azamba awiri amene anakanira mfumu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? M'mawa uno tiwerenge Eksodo 1:15-21.

Mfumu ya ku Iguputo inaitanitsa azamba awiri, Sifra ndi Puwa, n'kuwalamula kuti mayi wachiheberi akamachira aziyang'anitsitsa. Mwana akakhala wamwamuna amuphe pomwepo, akakhala wamkazi amusiye. Ameneyu anali Farao, munthu woti akalankhula palibe wotsutsa. Koma amayi awiriwa anaopa Mulungu, ana aja anawasiya ndi moyo, ndipo Mulungu anawachitira zokoma, n'kuwapatsa mabanja awoawo.

Chimene chimandigwira mtima pa ndimeyi ndi ichi: mfumu ija inali ndi asilikali, inali ndi akapolo oimangira mizinda ya Pitomu ndi Ramesesi, koma Malemba sakutchula dzina lake. Azamba awiri opanda mkondo kapena mpando, maina awo tikuwawerenga kufikira lero. Ku Boma kuno ku Mangochi, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, kuli chipilala cha wotchi chimene atsamunda anamanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, amene sanapondepo phazi m'dziko muno. Anthu amamangira njerwa eni mipando. Mulungu amalemba maina a amene anamuopa pa tsiku lovuta.

Nafenso kuno kwathu amayi otere tinali nawo. Lero mukagwira ndalama ya K200, muyang'ane kaye nkhope imene ili pamenepo. Amenewo ndi mayi Rose Chibambo, obadwira ku Kafukule ku Mzimba mu 1928. M'zaka za m'ma 1950, pamene atsamunda anatilowetsa mokakamiza m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, iwo anasonkhanitsa amayi n'kuyambitsa gulu lawo m'chipani cha Nyasaland African Congress. Mu Malichi 1959 boma litayamba kumanga atsogoleri, anadzawatenga patangopita masiku owerengeka atachira, n'kukawatsekera ku Zomba khanda lili m'manja. Amayi amene munaberekapo, inu ndiye mukudziwa mmene thupi limakhalira masiku oyambawo. Munthu amafuna phala lotentha ndi wina womuchapira. Iwo anakayamwitsira mwana m'ndende, ndipo atatuluka sanabwerere m'mbuyo.

Ufulu utafika anakhala phungu komanso mayi woyamba kukhala wachiwiri kwa nduna m'boma. Koma mu 1964, nduna zitasemphana ndi Dr. Banda, iwo anaima pa zimene ankaona kuti n'zoona, udindo unatha, ndipo anathawira ku Zambia komwe anakhala mpaka 1994. Ife a ku Mangochi nkhani ya masiku amenewo sitichita kuimva kwa ena, chifukwa agogo athu a ku Malindi, kwawo kwa a Henry Chipembere, mmodzi wa nduna zija, anaiona ndi maso. Mayi Chibambo anamwalira mu 2016.

Tikumbukenso mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi, amene anagwidwa pamodzi ndi amuna awo mu 1981, n'kugamulidwa kuti aphedwe. Amuna awo anafera m'ndende mu 1992, iwo anatuluka mu 1993, ndipo zaka zotsatira anazithera pomenyera ufulu wa akaidi.

Mwina wina akuti, amenewo anali anthu ophunzira, ine ndine ndani? Mlongo wanga, Sifra ndi Puwa anali azamba basi. Sanasiye ntchito yawo kuti akhale otchuka. Anakana choipa ali pamalo pomwe ankagwirapo ntchito tsiku ndi tsiku. Ndipo Farao wa masiku ano sabwera ndi magaleta. Amabwera ngati bambo wandalama zake amene wangofika kumene kuchokera ku Joni, akufuna mwana wanu wa Sitandade 7, ndipo achibale onse akuti musatseke mwayi. Amabwera ngati mwini boti pa doko amene akuti nsomba akupatsani pokhapokha mugone naye. Amabwera ngati njala ya mwezi wa Febuluwale, imene imanong'oneza kuti pakamwa pamodzi pakachoka pakhomo zinthu zipepuka. Pamenepo ndi pamene kuopa Mulungu kumaoneka, osati pa Lamulungu pokha tikavala yunifolomu ya chigwirizano.

Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati ambirimbiri a ana n'kuwabwezera kusukulu, ndipo mafumu aang'ono amene ankalola mchitidwewu inawaimitsa pa udindo. Anthu anaiopseza, koma sinasiye. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salolanso ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Lamulolo lilipo, koma silingalowe lokha m'nyumba mwanu madzulo ankhoswe atakhala pamphasa. Pamafunika mayi, kapena azakhali, kapena agogo, woti anene kuti ayi, mwanayu mawa akupita kusukulu.

Abambo, musaganize kuti mawuwa akudutsani. Mkazi wanu akaima pa choona, imani naye pamaso pa abale anu.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, zikomo potidzutsa ndi moyo. Tikuyamikani chifukwa cha amayi amene anakuopani Inu koposa mafumu. Limbitsani amayi onse amene alawirira kunyanja, kumsika ndi kumunda m'mawa uno, ndi iwo amene akulera ana okha amuna ali kutali. Tetezani atsikana athu panjira ya kusukulu. Dalitsani manja a azamba ndi anamwino m'zipatala zathu zonse, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.