Alamu, mbamu ya nsima musameze ngati kale

Eee, alamu anga, mwaswera bwanji? Uthenga wanu wofunsa za kadyedwe pambuyo pa opaleshoni yochepetsa thupi, yoika bandi pa chifu ngati yanga ija, ndaumva ndili m'basi, ndiye ndati ndifike kaye pakhomo ndikhale pansi, chifukwa izi si zoyankha mothamanga ayi. Achimwene andiuza kuti mwatuluka m'chipatala Lachitatu. Tithokoze Mulungu. Phewa likukuwawanilo musade nalo nkhawa, ndi mpweya uja amapopera m'mimba pochita opaleshoni, umatha wokha pakapita masiku ochepa. Inu muziyenda basi. M'nyumba momwemo, kuchipinda, kukhitchini, kubwerera, pafupipafupi, kuti magazi asaundane m'miyendo.

Ndiye za zakudya. Masabata awiri oyambawa... iyayi, ndiyambe kaye ndi bandiyo, kuti mumvetse chimene chili m'mimba mwanumo. Chifu chanu sanadule. Angochimanga kumtunda ndi kalamba ka silikoni, monga mmene timamangira thumba la chimanga pakhosi. Pamwamba pa kalambako patsala kathumba kakang'ono, kosaposa dzira, ndipo chilichonse mwameza chiyenera kudutsa pa kampata kopapatiza kuti chifike m'chifu chachikulu. Kampatako muzikaona m'maganizo nthawi zonse mukakhala pa mbale. Zonse ndinenazi gwero lake ndi kameneko.

Pepala anakupatsani kuchipatala lija, limenelo ndiye mtsogoleri wanu. Likasiyana ndi zanga, mverani lawo. Ine anandiuza chonchi: masabata 2 zamadzimadzi zokhazokha, masabata 2 zopera, masabata 2 zofewa, kenaka chakudya wamba. Zamadzimadzi ndikutanthauza mkaka, msuzi wa nkhuku wosefa, supu wopanda kanthu kotafuna, yogati yosungunula ndi mkaka, ndi zakumwa za mapuloteni zija. Phala ayi. Ndikudziwa mukuti phala ndi madzi omwe. Si madzi, alamu. Pokhapokha mutalisungunula mpaka lizitsika pa supuni ngati mkaka, ndipo mulisefe. Chifukwa chake nchakuti bandiyo anaisokera pamalo pake, ulusiwo uyenera kugwira kaye. Chifu chikayamba kufinya zolimba msanga, kapena mukasanza, bandi imatha kusuntha.

Njala ibwera. Sabata yachiwiri kapena yachitatu, kutupa kukachepa, mudzamva njala yeniyeni, mudzayamba kuganiza kuti ndalama zapita pachabe. Ine ndinalira. Koma nthawi imeneyo bandi imakhala isanathiridwe bwino madzi. Pansi pa khungu, pamene pali bala lalikulupo, pali kabatani kaja amati port, mukhoza kukamva ndi chala bala likapola. Pakapita masabata 4 mpaka 6 amabaya singano pamenepo nkuthiramo madzi amchere, bandi nkufufuma pang'ono, kampata kaja nkuchepa. Amathira pang'onopang'ono, maulendo angapo, mpaka apeze muyeso wanu. Masiku amenewo musadumphe ngakhale limodzi. Ndipo mukachoka kothira madziko mumabwereranso ku zamadzimadzi tsiku limodzi kapena awiri.

Zopera mukudziwa kale, munalera ana. Blenda, nyemba, nsomba yochotsa minga yonse, mbatata ya kachewere, msuzi wambiri. Supuni zitatu kapena zinayi, mwamaliza. Zofewa ndi zimene foloko ikhoza kuphwanya osalimbana nayo, mazira, nyama yogaya, nthochi yakupsa. Pamenepo palibe vuto.

Vuto lili pa nsima. Apa ndiye khalani pansi mundimvere, chifukwa apa mpamene ine ndinagwera.

Alamu, ife nsima sititafuna. Tayesani kukumbukira. Timatema, timaumba m'manja, timasunsa mu msuzi, timameza. Kuyambira tili ana pa mphasa palibe amene anatiuzapo kuti tafuna nsima. Anamwino a kuno ku UK akamatchula zovuta kumeza amatchula buledi, mpunga, pasita, nyama youma. Nsima saidziwa, ndiye pa pepala langa sinalembedwe. Ine ndinaona ngati poti nsima ndi yofewa, ndiye kuti ili m'gulu la zofewa.

Linali tsiku la 6 July, a Malawi a kuno tinasonkhana pa holo monga timachitira chaka ndi chaka. Panali patapita miyezi itatu chichitireni opaleshoni, ndipo madzi anali atandithira kachiwiri sabata yomweyo. Ndinatenga mtanda theka ndi kanyama ka mbuzi ndi therere. Ndinayamba bwinobwino, pang'onopang'ono. Kenaka mayi wina wa kwathu ku Dedza anakhala pambali panga, tinayamba kucheza za maliro a kumudzi, ndiye dzanja linangochita zake. Dzanja limakumbukira, alamu. Linaumba mbamu ya masiku onse, nkusunsa mu therere, ine nkumeza. Therere lija linangoitsetseretsa, sindinaimve nkomwe pakhosi.

Inakaima apa. Pakati pa chifuwa penipeni, kuseri kwa fupa, kuti nji. Ululu wake ngati munthu wakuponda ndi chidendene. Kupuma ndinkapuma, chifukwa si njira ya mpweya imene yatsekeka, koma malovu anayamba kudzaza m'kamwa, ambiri, okoka ngati therere lomwelo, kumeza osatheka. Thukuta lili kamukamu. Mayi uja mwa chifundo chake anathamanga nkundipatsa madzi, akuti imwani itsike. Ndinamwa. Apa mumvetsetse, apa. Musamwe madzi. Chakudya chikakakamira, musamwe madzi. Kampata kaja katsekeka, madziwo alibe kolowera, amangodzaza pamwamba, ululu nkuwirikiza, kenaka zonse zimabwerera. Ine zinabwerera ndisanafike nkomwe kuchimbudzi. Ndinatuluka panja pamene amaimika magalimoto, ndinayenda uku ndi uku ndikulavula, nthawi yaitali ndithu, mpaka mbamu ija inatuluka yathunthu, mmene ndinaiumbira.

Ndiye zikakuchitikirani, imirirani, yendani, lavulani malovuwo, dikirani. Chimatsika chokha kapena chimabwerera chokha. Musadzilowetse chala kukhosi. Chikachoka musati poti zatha ndipitirize kudya, ayi, m'katimo mwatupa. Bwererani ku zamadzimadzi tsiku lathunthu, mwina awiri. Ine tsiku lotsatira ndinadya dzira, linakakamiranso, chifukwa sindinadziwe zimenezo.

Kodi ndiye nsima mwasiyana nayo? Ayi. Ine ndimadya. Koma ndimaphika yofewa, ya ufa woyera, ndipo kambamu kake sikaposa kandalama kachitsulo ka kuno ka 20p. Kuno amaphunzitsa lamulo la ma 20: chidutswa chikhale ngati 20p, mutafune ka 20, ndipo pakatha mphindi 20 musiye, kaya mbale yatha kaya sinathe. Nsima muitafune mpaka ibwerere kukhala phala m'kamwa. Poyamba zimanyansa, ndikuuzeni zoona, kukoma kwake kumasintha. Mukameza, dzanja likhale patebulo. Musaumbe ina mukutafuna. Dikirani kanthawi, mumvetsere pachifuwa, kenaka muteme ina. Miyezi yoyamba ine ndinkadya nsima ndi supuni ya tiyi dala, kuti dzanja lisandinamize. Ndipo therere ndi nsima musaphatikize mpaka mutazolowera, therere limameza m'malo mwanu.

Ndanena za ndiwo? Ndiwo ziziyamba. Kwathu nsima ndiye chakudya, ndiwo nzoperekeza, koma panopa zatembenuka. Malo ndi ochepa, ndiye muyambe nsomba, dzira, nkhuku, nyemba, kenaka masamba, nsima pomalizira ngati malo atsala. Thupi likufuna mapuloteni osachepera magalamu 60 pa tsiku, apo ayi mufooka, ndipo tsitsi limathothoka, makamaka mwezi wachitatu mpaka wachisanu ndi chimodzi. Langa linathothoka, linameranso. Nkhuku ikhale yophika ndi msuzi, ya ntchafu, osati chidali chootcha. Nyama yootcha pa makala ija, kanyenya, iwalani kaye. Nkhwani musadzule bwino ulusi wonse, mudule tating'onoting'ono. Mango a ulusi, chinanazi, makoko a maapozi, chimanga chootcha, buledi wofewa wa lero, mandasi, zonsezo zimakakamira. Buledi ngati mwamufuna, muwambeni akhale wokhukhuta.

Madzi. Ee, ndanena kuti osamwa chikakakamira, koma palinso lina. Osadya nkumamwa nthawi imodzi. Musiye kumwa mphindi 30 musanadye, ndipo mudikire mphindi 30 mutadya. Kapu isakhale nkomwe patebulo. Koma pakati pa tsiku muzimwa, malita 1.5 mpaka 2, pang'onopang'ono, kabotolo kasamachoke m'chikwama. Mukapanda kutero mudzimbidwa, mutu uziwawa. Za gasi zonse, Coca-Cola, Fanta, ngakhale madzi a gasi, zisiyeni, mpweya wake ulibe kopita.

Pali mayi wina tinkakumana naye kuchipatala kothira madziko. Anandimvetsa chisoni mayi ameneyo. Nyama ndi masamba zinkamuvuta chifukwa sankafuna kutafuna, ndiye anapeza kuti ayisikilimu, chokoleti, kasitadi, tiyi wa shuga wambiri, zimadutsa bwinobwino. Nzoona zimadutsa, bandi siigwira zosungunuka. Anamuuza, katswiri wa zakudya anamuuza ine ndili pomwepo, koma iye ankangoti bola ndikudya pang'ono. Patatha chaka thupi lonse linabwerera, shuga nayenso anakwera. Maheu ndi thobwa nchimodzimodzi, alamu, mukhoza kumwa lita yonse bandi osadziwa kanthu. Chimene chimakhalitsa m'mimba nkuthetsa njala ndi chakudya cholimba chotafunidwa bwino.

M'mawa bandi imakhala yothina kuposa madzulo, musadabwe. Ine ndimayamba ndi tiyi wofunda, chakudya pambuyo. Masiku a kumwezi imathinanso, ngakhale mukakhala ndi nkhawa, ena mpaka akakwera ndege. Ndipo musagone mutangodya, papite maola awiri kapena atatu.

Tsopano ichi nchofunika, achimwene amvenso, muwaitane ngati ali pafupi. Kusanza tsiku ndi tsiku si mbali ya bandi. Pali bambo wina, mwamuna wa mnzanga wa kuntchito, ankasanza chakudya chilichonse miyezi ingapo, iye nkumasangalala kuti thupi likutsika msanga. Mkazi wake ankamuchonderera kuti akachotsetse madzi pang'ono, iye ayi. Usiku ankatsokomola, zowawasa zikubwerera mpaka m'mphuno. Mapeto ake bandi inasuntha, anamutengera kuchipatala usiku, anaichotseratu. Ndiye inu, mukaona chilungulira chosatha, kutsokomola usiku, kusanza pafupipafupi, imbani foni kuchipatala chanu, mwina angochotsa madzi pang'ono basi. Koma mukaona kuti ngakhale madzi akumwa sakutsika, kapena m'mimba mukupweteka kwambiri, kapena mukusanza magazi, kapena thupi latentha, pa port pafiira nkumatuluka mafinya, musadikire kuche. Pitani ku A&E, kumene amalandira odwala mwadzidzidzi, ndipo mukafika muwauze msanga kuti muli ndi bandi. Mwendo umodzi ukatupa kapena mpweya ukamabanika masabata anowa, chimodzimodzi.

Mankhwala, ndinatsala pang'ono kuiwala. Ibuprofen ndi diclofenac, aja mumamwa bondo likamawawa, asiyeni, amayambitsa zilonda m'chifu. Paracetamol wosungunula m'madzi ndiye wabwino. Mapiritsi akuluakulu mufunse kaye kwa ogulitsa mankhwala ngati akhoza kuphwanyidwa, si onse amaphwanyidwa. A shuga ndi a BP aja dokotala awaonenso, poti mukudya pang'ono shuga akhoza kutsika kwambiri. Mavitamini tsiku lililonse.

Kuntchito musathamangire. Ntchito yathu yosamalira okalambayi ndi yonyamula ndi kutembenuza anthu, ndipo kunyamula zolemera nkoletsedwa mpaka masabata 6. Ndikudziwa mashifiti ndi ndalama, ndikudziwa kumudzi akudikira fizi, koma dikirani. Nalonso dengu la zochapa achimwene anyamule. Za mwana wina zija munkanena, adokotala amati padutse chaka kapena chaka ndi theka, tidzakambirana patokha.

China chimene chidzakuvutani ndi anthu. Kwathu kusiya chakudya m'mbale ndi mwano, ndipo munthu akayamba kuchepa thupi anthu amayamba kunong'ona. December uja mukapita kumudzi, mayi adzakupakulirani mitanda itatu ndi nkhuku yachikuda yomwe akusungirani. Nkhuku imeneyo ndi yolimba, alamu. Musaikakamize pofuna kuwasangalatsa. Ine ndinawatengera pambali tsiku loyamba, ndinawagwiritsa dzanja pa port, nkuwauza kuti adokotala anandimanga m'mimba chifukwa cha shuga, ndikadya kwambiri ndidwala. Anamvetsa. Kuyambira tsiku limenelo ankandipatsa chiwindi ndi msuzi pa kambale ka mwana, ndipo ankakhala nane mpaka ndimalize. Ngati mukuchita manyazi ndiwaimbira ndine, ndi mayi anga, ndiwafotokozera.

Basi, mwana akundiitana. Loweruka ndibwera ndi sefa yanga ija ndi timakontena toikira supu mufiriji. Lero usiku imwani msuzi wofunda, osati wotentha, kamwe kamodzikamodzi, ndipo mugone pa mapilo awiri. Mundiuze mawa kuti mwakwanitsa madzi ochuluka bwanji.