BMW 3 Series: kugula, kutenga pa lease, ndi kuikweza osaipha

[Kamera ili m'galimoto, injini ikulira pansipansi]

Mwaimva? Imeneyo ndi 320i yanga, F30 ya 2013 (F30 ndi dzina la m'badwo wake wa 3 Series), ndinaitanitsa ku Japan ndipo ndayenda nayo zaka zinayi tsopano. Takulandirani abale anga. Anyamata ambiri tikakumana potsukitsa galimoto funso limakhala lomwelo, akuti achimwene, ndapeza Beemer yotchipa pa intaneti, mtengo wake ukungofanana ndi Axio, ndigule? Ndiye lero tiyeni tikhale pansi tikambirane bwinobwino, chifukwa galimoto iyi ndimaikonda kwambiri ndipo zimandiwawa ndikaiona itakwezedwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, matayala atachotsedwa, mwini wake akudikira sipeya yomwe sanaiwerengere pogula.

Poyamba, n'chifukwa chani anthu amaifera chonchi. 3 Series inayamba kutuluka mu 1975, ndipo chinsinsi chake n'choti injini ili kutsogolo koma mphamvu imapita ku matayala akumbuyo, kulemera kwake kumagawanika pafupifupi theka kutsogolo theka kumbuyo, ndiye ukamakhota galimoto imamvera chiwongolero ngati ikudziwa kale komwe ukufuna kupita. Mukadzatsika nayo ma kona a ku Dedza kupita ku Golomoti mudzamvetsa zomwe ndikunenazi. Ndipo amene munakhalapo ku Joni mukuidziwa Gusheshe, ija amazungulitsa ku Soweto utsi wa matayala uli tolotolo, imeneyo ndi 325iS ya m'badwo wakale wa E30, inapangidwira msika wa South Africa basi. Fakitale ya BMW ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, inakhala ikupanga 3 Series kwa zaka zambiri mpaka 2018 pomwe anasinthira ku X3. Mpikisano wake, Mercedes C-Class, amaipanganso konko ku East London. Ndiye magalimoto amenewa si achilendo kwenikweni kuno kumwera kwa Africa, n'chifukwa chake masipeya ambiri timawapeza ku Johannesburg.

Tiyambe ndi kugula.

Zomwe mungazipeze pamsika pano ndi mibadwo itatu. E90 inayamba 2005, F30 inabwera 2012, G20 ndiyo ya 2019 kubwera kuno. E90 ndiye yotchipa, ndiye imene imakopa anthu ambiri, koma musamangoona baji yakumbuyo, funsani injini yomwe ili mkati. 320i ya E90 yambiri ili ndi injini yotchedwa N46, imeneyo ikakalamba imadya oyilo, ma valve stem seal amauma, mukaima pa robot kwa kanthawi n'kuponda mafuta muona utsi wa buluu kumbuyo. Ina ndi N43, yovuta ma injector ndi ma coil. Pa E90 yonse ine ndimakonda 325i ya masilinda 6, injini ya N52, imalira mokoma ndipo ndi yolimba, kungoti water pump yake ndi yamagetsi ndipo ikafa imafa mwadzidzidzi osachenjeza. Ya dizilo, 320d ya injini ya N47, imamwa mafuta pang'ono zedi koma tcheni chake cha timing chili kumbuyo kwa injini, kufuna kuchisintha ndiye kuti injini kapena giyabokosi itsike, ntchito yaikulu imeneyo.

F30 ngati yangayi, zoyambirira zili ndi N20, ya turbo. Vuto lake lodziwika ndi mapulasitiki omwe tcheni cha timing chimayendamo, amathetheka, tizidutswa timagwera mu sump, mokhala oyilo pansi pa injini, n'kutseka potengera oyilo, injini n'kunoka. Chizindikiro chake ndi kaphokoso kolira ngati mluzu kapena ngati sairini yapatali mukamaponda mafuta pang'onopang'ono. Kuyambira cha mu 2015 anayamba kuika injini ya B48, ndipo ngati thumba likulola, pitani pa imeneyo, mudzagona tulo.

[Kamera ikuonetsa pepala lomwe lili pampando]

Ili ndi auction sheet, pepala lomwe oyendera galimoto ku Japan amalemba isanagulitsidwe. Apa pakona pali giredi, 4 kapena 4.5 ndi yabwino, mukaona R dziwani kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Makilomita alembedwa apa, ndiye muwafananize ndi omwe ali pa dashibodi galimoto ikafika. Wogulitsa akamakana kukuonetsani pepala limeneli, siyani, magalimoto ndi ambiri. Ku Japan galimoto yatsopano imakayezedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, amati shaken, ndipo zimadula, n'chifukwa chake anthu kumeneko amagulitsa magalimoto akadali abwino.

Koma mtengo mukuuona pa intaneti uja, ngakhale utaphatikiza za sitima, ndi woifikitsa pa doko la Dar es Salaam basi. Kuchoka pamenepo pali ejenti, pali woiyendetsa mpaka pa Songwe kapena lole yonyamula, kenako MRA, ndipo dyuti imatengera kukula kwa injini komanso zaka za galimoto, ndiye 3.0 yakale imatha kukulumani kuposa 2.0 yatsopanopo. Muwonjezere nambala, COF, inshuwalansi. Komanso mukulipira mu madola, mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, anthu ena galimoto ili panyanja bajeti yonse inasokonekera pomwepo. Sipeya iliyonse mudzagule nayonso imatsatira dola kapena randi, musaiwale chimenecho.

Ine langizo langa ndi ili, ndipo ndimaliumirira. Ngati ndalama zanu zonse zikuthera pogula ndi kuombola galimoto, simunakonzeke. Muyenera kutsala ndi ina pambali, yoti galimoto ikangofika ilowe kaye m'galaja isanapite kukaoneka kumudzi. Oyilo ndi fyuluta, ma plug, kuona mapaipi a madzi ndi kathanki kake kapulasitiki, gasket ya pa oil filter housing yomwe imadontha pa ma BMW ambiri, mafuta a giyabokosi. Pa giyabokosi apa, F30 ili ndi ya kampani ya ZF ya magiya 8, yabwino kwambiri, BMW imati mafuta ake ndi a moyo wonse koma a ZF eni ake amalangiza kusintha. Ine ndimamvera amene anaipanga.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Miyezi yoyambirira ndinaisiya pa galaja ina kuti angondisinthira oyilo, ndinali pa changu. Anathiramo oyilo wolemera wa m'mgolo, yemwe amathira mu minibasi, osayang'ana n'komwe kuti injini ya turbo imafuna wa synthetic wolembedwa BMW Longlife pa botolo, ndipo madzi a mu radiator anangowonjezera a pampopi. Patangotha masiku ochepa m'mawa ndikuliza ndikumva kaphokoso ka tcheni, mtima unagunda abale. Ndinapita kwa makaniko wina amene ali ndi kompyuta yowerenga BMW, titatsegula sump tinapezamo tizidutswa ta pulasitiki ta bulauni, tina ngati chikhadabo. Tcheni chinali chitayamba kale kutha, oyilo uja anangofulumizitsa. Tinasintha zonse, galimoto inakhala milungu itatu kudikira katundu wochokera ku Joni. Kuyambira pamenepo oyilo ndimagula ndekha, ndimaima pomwepo akamathira, ndipo sindidikira kuti dashibodi indiuze, fumbi lathuli ndi kutentha ndimasintha ndisanakwanitse makilomita 10,000.

Tsopano za lease, izi makamaka ndi za abale athu muli ku UK ndi ku South Africa, chifukwa kuno kwathu munthu wamba chomwe amapeza kawirikawiri ndi ngongole ya kubanki, ndipo chiwongola dzanja chake mukuchidziwa.

Ku UK kuli njira ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Yoyamba amati PCH, imeneyi ndi lendi yeniyeni. Umalipira ndalama yoyamba yofanana ndi miyezi 3, 6 kapena 9, kenako mwezi ndi mwezi kwa zaka 2, 3 kapena 4, nthawi ikatha umabweza makiyi, galimoto si yako ndipo sidzakhala yako. Yachiwiri ndi PCP, umapereka dipoziti, umalipira pamwezi, koma kumapeto kumakhala chindalama chachikulu chomwe amati balloon, ukachilipira galimoto ndi yako, ukapanda kutero umaibweza kapena kuisinthitsa ndi ina. Pa njira zonsezi chomwe ukulipira kwenikweni ndi kutsika mtengo kwa galimoto pa zaka zomwe uli nayo, ndipo magalimoto apamwamba ngati awa amatsika mtengo msanga zaka zoyambirira.

Ubwino wake ulipo ndithu, sindikunyoza ayi. Ukuyendetsa G20 yatsopano, ili pa waranti, za tcheni ndakambazi sizikukukhudza. Koma werengani mamailosi. Mgwirizano umanena kuti pachaka uyende mamailosi angati, ambiri amasankha 8,000 kapena 10,000 kuti ya pamwezi ichepe, ndiye ngati mumagwira ntchito ya care yoyenda nyumba ndi nyumba, kapena mumakhala ku Leicester ntchito ili ku Nottingham, mudzapitirira, ndipo mailo iliyonse yopitirira amakulipiritsani pobweza. Rimu yokhulika pa kerb, mpando wong'ambika, zonse amaziona. Komanso muonetsetse kuti visa yanu ndi ntchito yanu zifika kumapeto kwa mgwirizanowo, chifukwa kutulukamo pakati kumadula, ndipo galimoto ya lease simungaikweze sitima kuitumiza ku Lilongwe, si yanu. Ngati maloto anu ndi odzabwera nayo kumudzi, gulani yakale pang'ono ya cash, chiwongolero chili kumanja ngati kwathu komwe.

Ku South Africa nako balloon ilipo, ngongole ya miyezi 72 ndi chindalama kumapeto. Ya pamwezi imaoneka yopepuka, koma patatha zaka 6 galimoto yakalamba, Motorplan, pulani ya BMW yolipirira sevisi ndi kukonza, yatha, iwe ukadali ndi ngongole yaikulu. Funsani wogulitsa akulembereni ndalama yonse yomwe mudzakhale mutalipira pofika tsiku lomaliza, osati ya pamwezi yokha.

[Kamera ili panja, pafupi ndi tayala lakutsogolo]

Tibwere ku kukweza, kutanthauza kuisintha kapena kuiwonjezera zinthu. Aliyense akagula amafuna marimu a mainchesi 19, kuitsitsa pansi, ekizozi yaphokoso. Taonani apa, ine ndili pa 17 ndipo sindisuntha. Tayala la pa 19 ndi lopyapyala, ukamenya dzenje limodzi pa M1 usiku rimu yapindika kapena yang'aluka, tayala latupa pambali. Ya M Sport, mtundu wake wa sipoti, imabwera kale yotsika pafupifupi sentimita imodzi kuposa wamba, ndipo ma hampu a m'tauni muno imakhula pansi ngakhale uwoloke chopingasa, ndiye kuitsitsanso n'kuipweteka. Ngati kwanu ndi msewu wafumbi wokumbika ndi mvula, ganizani kawiri musanatenge M Sport n'komwe, ngakhale mipando yake ndi chiwongolero chake ndi zokoma zedi.

Chinthu china chomwe ambiri amadzazindikira ali pakati pa Kasungu ndi Jenda, galimoto izi kuyambira E90 zilibe tayala la sipeya. Zimabwera ndi ma run-flat, tayala loti likaphwa umatha kuyendabe makilomita pafupifupi 80 pa liwiro losapitirira 80. Ku Germany zimenezo n'zokwanira, kuno run-flat ya saizi yako mwina uipeza ku Lilongwe kapena ku Blantyre basi, ndipo ndi yodula. Ine ndinaika matayala wamba abwino, galimoto inafewa nthawi yomweyo, n'kugula sipeya yopyapyala, jeke ndi sipanala, zili m'butimu. Kumeneko ndiye kukweza koyamba komwe ndingakuuzeni. Ndipo poti tatsegula buti, batire ili muno, kumanja uku. Mukasintha batire iyenera kulembetsedwa pa kompyuta kuti galimoto idziwe kuti ndi yatsopano, apo ayi imaitchaja ngati yakale n'kuipha msanga.

Wailesi ya ku Japan imathera pa 90 FM, ndiye masiteshoni ambiri a kuno simuwagwira mpaka muikitse kachipangizo kokweza kapena aisinthe pa kompyuta. Sikirini ya Android yokhala ndi CarPlay ndi yabwino, koma oika asadule mawaya, pali zongolumikiza.

Nanga remap, kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti mphamvu iwonjezeke? 320i ya F30 imatulutsa 184 hp, 328i ili ndi 245 pa injini ya 2.0 yomweyo, ndiye anthu amati bwanji osangoisintha pulogalamu. Zimatheka ndipo kusiyana kumamveka, koma mphamvu yowonjezera ndi kutentha kowonjezera, imafuna petulo wabwino nthawi zonse, ndipo ife nthawi ya kusowa kwa mafuta timathira aliyense amene tamupeza, mwina wa m'zigubu. Ngati tcheni, ma plug, madzi ndi mabuleki simunakonze, musayerekeze. Ndipo ngati ili pa lease kapena pa waranti, musaikhudze n'komwe, akaona pa kompyuta waranti yathera pomwepo. Ndalama ya remap ine ndinaiika pa ma shock atsopano ndi ma bush akutsogolo, chiwongolero chinasiya kunjenjemera ndikaponda buleki, galimoto inabwerera mwakale.

Ena kukweza kwawo ndi kugulitsa E90 n'kutenga F30, kapena F30 kupita ku G20. Apo sungani malisiti onse a sevisi mu fayilo, chifukwa wogula BMW wozindikira amayamba wafunsa mapepala asanaone penti. Yanga ili apa mu glove box, lisiti la tcheni lili pamwamba.

Sabata yamawa tikhala pa galaja, gasket ya oil filter housing yayamba kunyowa pang'ono, ndikuonetsani pomwe imadonthera komanso chifukwa chake oyilo ameneyu sayenera kufika pa lamba wa injini. Tiyeni ndikathire mafuta kaye, ndamva kuti pa filling station ya pafupi apa tanka yafika.