Musanalipire boti ndi injini yake, onani mapepala awa

Mwapeza boti lamatabwa padoko ku Senga Bay kapena ku Makanjira. Mwini wake akuti akuligulitsa pamodzi ndi injini ya Yamaha Enduro ndi ukonde wa chilimira, mtengo mwagwirizana. Ndalama zikhale m'thumba kaye.

Yambani ndi injini. Ndalama zambiri zagona pamenepo, ndipo ndi yomwe akuba amanyamula usiku, osati matabwa.



Onani kachitsulo kamene kali pomwe injini imamangidwira kuboti. Pali nambala ya injini imeneyi. Iwerengeni nokha, muifananize ndi yomwe ili pa lisiti la kusitolo. Ngati injiniyo adakaigula kunja, kaya ku Tanzania kaya ku Joni, pemphani mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho udalipidwa. Mukapeza nambala yopalidwa kapena kachitsulo kochotsedwa, musamvere zoti "kadagwa kokha". Chokanipo. Apolisi akaipeza kwa inu ailanda, ndipo kulandira katundu wobedwa ndi mlandu. Wokugulitsaniyo nthawi imeneyo ali ku Mozambique.

Boti lenilenilo kawirikawiri silikhala ndi lisiti, poti adalikhoma kalipentala wa m'mudzi momwemo. Umboni wake ndi anthu. Pitani kwa a komiti ya padoko, a BVC, ndi kwa amfumu, muwafunse kuti botili amalidziwa kuti n'la ndani. Funso limeneli musalifulumire. Maboti ena amene amabweretsa milandu si obedwa ayi, ndi a malemu: mchimwene wa womwalirayo wagulitsa, mkazi ndi ana osadziwa. Ena ali pa chikole cha ngongole. Ena n'a anthu awiri amene adasonkherana, wina wapita ku Nkhata Bay kotsatira usipa.

Zikayera, lembani kalata ya mgwirizano. Maina onse awiri ndi manambala a ziphaso zaunzika, kutalika kwa boti, mtundu wa penti, dzina lolembedwa pambali, nambala ya injini, maukonde ngati alipo, ndalama zomwe zaperekedwa ndi zotsala. Mboni zisayine, amfumu adinde. Ngati ndalama zake n'zochuluka, ine ndingakadinditsenso kwa majisitireti kapena kwa loya. Lipirani kudzera kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pakhale umboni.

Wogulitsa akakuonetsani laisensi ya ku Fisheries, imeneyo ndi chilolezo chophera nsomba pansi pa lamulo la zausodzi la 1997, si umboni woti boti n'lake. Pitani ku ofesi ya Fisheries ya m'boma lanu mukakonze yanu. Boti lonyamula anthu kapena katundu ndiye nkhani ya a Marine, nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi: kalembera wake asinthidwe dzina, ndipo muone pepala loti adaliyeza.

Inu ogulitsa, sungani kalata yanu ya mgwirizano, ndipo mupite limodzi ndi wogulayo kosintha dzina, chifukwa boti likadzachita ngozi lili m'dzina lanu, woyamba kufunsidwa ndinu.