Chambiko, thobwa ndi ziwengo: tizilombo tothandiza m'matumbo

Zikomo amfumu, amayi ndi abambo. Tikamva zoti mabakiteriya timaganiza za kolera, koma alipo ena omwe timadya tsiku ndi tsiku. Ndi amene amasasitsa mkaka kukhala chambiko kapena yogati, amapezekanso m'thobwa lomwe lagona. Amadya shuga wa mu mkaka n'kutulutsa asidi, kuwawasa kuja. Gulu lawo lodziwika ndi Lactobacillus.

Ziwengo zimabwera thupi likalakwitsa mdani. Mtedza, dzira, fumbi kapena mungu wa maluwa, zinthu zosaopsa, chitetezo cha m'thupi chimaziona ngati matenda. Chimapanga asilikali otchedwa IgE, ndipo munthu akakumananso ndi chinthucho, thupi limatulutsa mankhwala otchedwa histamine. Apo khungu limayabwa n'kutuluka zidzolo, maso amafiira, mphuno imatuluka madzi. Chitetezochi chimaphunzira zambiri m'matumbo, makamaka mwana akadali wakhanda, ndipo mabakiteriya abwino amathandiza kuti chisamapupulume.

Ku Finland, pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2001, akatswiri anapatsa amayi oyembekezera ochokera m'mabanja a ziwengo mtundu wotchedwa Lactobacillus rhamnosus GG, n'kupitiriza miyezi 6 mwana atabadwa. Pofika zaka ziwiri, ana odwala eczema, khungu louma loyabwa lija la m'masaya ndi m'mapindiko a mikono, anachepa ndi theka. Mu 2015 bungwe la World Allergy Organization linavomereza njirayi kwa mabanja otere, koma linati umboni wake ndi wofooka. Pa mphumu ndi ziwengo za chakudya phindu silinaoneke. Komanso umenewo unali mtundu umodzi woyezedwa, si kuti thobwa lililonse la pamsika wa Zomba lichita chimodzimodzi.

Kuti mupindule, tizilomboto tifike m'mimba tili moyo. Wiritsani lita imodzi ya mkaka, chifukwa wosawiritsa ungakupatseni TB ya ng'ombe. Usiyeni uzizire mpaka kadontho kake padzanja kangomveka kofunda, madigiri 40 mpaka 45. Thiranimo masipuni awiri akuluakulu a yogati yosatsekemera, takasani, vundikirani, kulungani ndi bulangeti maola 6 mpaka 8. Mukathira mkaka udakali wotentha, mwapha tizilombo ta mu yogatiyo, mkakawo sugwira. Mu Juni ndi Julayi, ndi chisanu chotsika m'phiri muno, onjezerani maola. Mu Okutobala umasasa msanga, muziusuzumira. Timadzi tachikasu pamwamba si vuto. Koma ukanunkha kapena kuchita nkhungu, tayani. Thobwa lotenthetsanso pamoto latsala kukoma kokha.

Mwana wosakwana miyezi 6, bere lokha. Mkaka wa m'mawere uli kale ndi chakudya cha mabakiteriya abwinowa.

Apa mumvetsetse. Pali munthu amene akamwa mkaka mimba imangodzaza mpweya n'kutsegula: ameneyo sagaya shuga wa mu mkaka, ndipo chambiko nthawi zambiri chimamuyanja chifukwa shugayo wachepa. Wina akamwa amatuluka zidzolo, kusanza, kutupa milomo. Uyu thupi lake limadana ndi puloteni ya mkaka, yomwe kusasa sikuichotsa. Musamupatse chambiko, ngakhale kasipuni. Amene chitetezo chawo chatsika kwambiri, ndi ana obadwa masiku asanakwane, asamwe makapisozi a mabakiteriyawa asanaonane ndi dokotala.

Lilime kapena nkhope ikatupa, munthu n'kumabanika, musataye nthawi ndi zakumwa. Gwirani njinga yamoto, thamangirani ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena chapafupi, kukafunika jekeseni wa adrenaline.